88 Imene Ndinaipeza Pachulu

Zikomo nonse. Inu muli kumbuyoko sendererani kuno, musabisale kuseri kwa mitu ya anzanu. Khalidwe limenelo ndimalidziwa, ndinabisalapo ine chaka chathunthu.

Dzina langa ndine Tiyamike. Kwathu ndi kumapiri kuja, kupitirira Kasakula, ku Ntchisi. Ntchito yanga ndi ija kumudzi amangoti adokotala, ife amene timaona odwala m'zipatala zing'onozing'ono. Andiitana kuno ku Mvera kuti ndiyankhule nanu amene mayeso a laisensi anakukwapulani ndipo mukukonzekera kulembanso. Njira zachidule sindinabwere nazo ayi. Ndinagawapo kale njira zachidule, ndipo zinatsala pang'ono kumuphera mayi wina tsogolo lake.

Titamaliza sukulu, tisanalembe mayeso a laisensi, mnzanga wina anandilowetsa pagulupu ya pa foni ya okonzekera mayesowo. Inunso mulipo pamagulupu otere, musandiyang'ane ngati simukuwadziwa. Pamenepo panalibe wopeza 55 kapena 60. Aliyense ndi 85, 90, wina mpaka 94. Ndiye malangizo ake! "Ine ndinawerenga masabata atatu okha." "Mabuku aakuluwo ndi otsamira pogona." "Lowezani mapepala akale, mafunso ndi omwewo, amangowatembenuza." Ine ndinali wowerenga, abale inu. Koma nditaona kuti anzanga akukhoza akuseka ine ndikutupa maso, ndinadziona wopusa. Ndinatseka mabuku, n'kuyamba kuloweza mayankho ngati nyimbo ya kwaya.

Zotsatira zinandipeza ndili kumudzi. Kwathu netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chili kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinakwera pamenepo, ndinatsegula foni. 44. Kukhoza kumayambira pa 50. Ndinakhala pansi pachulupo. Kutsegula gulupu, mmenemo ndi chikondwerero chokhachokha, uyu 87, uyu 91. Wina n'kulemba kuti, "Nanga asisi a ku Kasakula, zayenda bwanji?" Chala changa chinayankha ndisanaganize n'komwe. Ndinangotenga 44 ija n'kuiwirikiza kawiri. 88.

Kutsika pachulu, ndinapeza amayi akundidikira, manja ali m'chiuno. Ndinawauza zomwezo. Nthungululu yawo inamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Lamulungu lotsatira anasenza dengu la mtedza kupita nalo kutchalitchi, anaimirira pamaso pa mpingo kuthokoza kuti mwana wa mayi wamasiye wasanduka dokotala. Anthu akafunsa kuti nanga ntchito, yankho linali lokonzeka kale: tikudikira atilembe. Ndani angakaikire? Odikira ntchito ndi ambiri.

Kenaka pagulupu anayamba kundifunsa chinsinsi changa. Apa ndiye pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinatenga malangizo omwe aja anandigwetsa, ndinawapukuta, ndinawathira mchere, n'kuwatcha Malamulo Asanu ndi Awiri a Dokotala wa Kumapiri. Lamulo lachinayi linkati: masamu a mankhwala a ana asiyeni, limabwera funso limodzi lokha, musataye nthawi. Mukudziwa chifukwa chake ndinalemba zimenezo? Chifukwa ineyo masamu amenewo ankandizunguza mutu. Chimene ndinkachiopa ndinachisandutsa lamulo la anthu onse.

Anandiika kukhala mmodzi wa oyendetsa gulupu. Mnyamata wina atafunsa kuti tionetseni pepala la zotsatira, ndinamuchotsa tsiku lomwelo, eti chifukwa chamwano. Nthawi yolembetsa kubwereza itakwana, sindinalembetse. Ndikanalowa bwanji m'chipinda cha mayeso, pomwe wina wa pagulupu akanandizindikira? Ndinakhala. Azimayi a m'mudzi akabwera ndi mabuku awo a kuchipatala kuti adokotala awawerengere, ine ndinkazemba, kukabisala kumunda ngati wakuba. Ndinaonda. Ndinayamba kukalipira amayi pa zinthu zopanda pake. M'mawa uliwonse ndinkakwera chulu chija kukakhala munthu wanzeru kwa theka la ola, kenaka n'kutsika kukhala chitsiru tsiku lonse.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, titakolola, ine ndi amayi tinali pabwalo tikutong'ola chimanga. Tinamva njinga yamoto ikubuula pachitunda. Inaima pakhomo pathu, ndipo panatsika mayi wina wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi ndi zisanu, fumbi mpaka m'nsidze. Kukhwapa kwina ananyamula kope lalikulu lachikuto cholimba. Kukhwapa kwinaku, nkhuku yaikazi yamawangamawanga, yokulungidwa m'chitenje, mutu wokha uli panja.

"Odi! Kodi ndi pano pa adokotala aakazi?"

Anali atafunsa pagolosale ya a Che Jafali ku Kasakula, pomwe ndinkatchajitsa foni, ndipo iwo anamulozera njira wa njingayo. Ndinkadzitama kwambiri pagulupu za kwathu, ndiye kundipeza sikunavute.

Tinawayalira mphasa, tinalonjerana. Anati iwo ndi a Nachisale, achokera ku Dzoole, ku Dowa, anyamuka mbandakucha, minibasi ziwiri ndi njinga. Kenaka anagwada, n'kupereka nkhuku ija kwa amayi ndi manja awiri.

"Sindikanabwera chimanjamanja kwa aphunzitsi anga. Ndi yochepa, mundikhululukire."

Amayi anailandira ndi manja awirinso, nkhope ikuwala. Anaimanga mwendo pamtengo wa nkhokwe, n'kunena kuti, "Zathu zinatha ndi chitopa, ndiye mlendo adya yomweyi. Tiya, cheza nawo alendowa, ine nditereke madzi."

A Nachisale anayamba kufotokoza. Anagwira ntchito yokolopa m'mawodi pachipatala zaka zambiri, akuona anzawo akupulumutsa anthu iwo atagwira chikolopa. Anabwerera kusukulu ali ndi ana atatu, analimbikira mpaka anamaliza maphunziro omwe ndinachita ine. Mayeso a laisensi koyamba anapeza 48. Kachiwiri anatsata malamulo anga. Anapeza 41.

"Ndinatsata zonse, adokotala," anatero. "Koma mutu wangawu ndi wouma. Ndiyenera kuti ndinaphonya penapake. Ndiye ndati ndibwere mundiphunzitse pamaso, mwina pafoni sindimva bwino."

Anatsegula kope lija. Abale inu! Malamulo anga onse anali mmenemo, olembedwa ndi dzanja, zilembo zokongola, ena atadulidwa mzere wofiira kunsi. Ngakhale nthabwala zanga zopanda pake anazikopera. Ndinaona lamulo lachinayi litazunguliridwa kawiri.

"Apa pokha ndiye pandisokoneza," anatero akuloza ndi chala. "Munati limabwera limodzi. Ife anatibweretsera ambirimbiri, ine ndinangowayang'ana. Inu munawadutsa bwanji?"

Iwo anapitiriza, motsitsa mawu. Anati amuna awo asamala ana ndi munda wa fodya okha kwa zaka zonsezi, atopa, ndipo nkhani inafika mpaka kwa ankhoswe. Anagwirizana kuti ulendo wachitatu uno ndi womaliza. Akalephera, mabuku apita m'sutikesi, iwo abwerera kukasoka fodya, nkhani yatha. Mayeso anali atatsala masabata khumi.

Nthawi yomweyo ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba. Kwee, kwee, kwee. Amayi akunola mpeni pamwala.

Ndikuuzeni zoona, maganizo oyamba amene anandibwerera sanali abwino ayi. Ndinaganiza kuti ndingowapatsa malamulo ena atatu, tidye nkhuku, akwere njinga azipita. Akalephera adzati mutu wawo ndi wouma, ine palibe adzandiloze chala. Zinali zophweka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe.

Amayi anatulukira ndi mpeni, anawerama pankhokwe, anamasula nkhuku ija. Anaiponda mapiko, anaigwira mutu, anayamba kuibudula nthenga zapakhosi. Ine ndinayang'ana nkhukuyo, ndinayang'ana mapazi a mayi uja, ong'ambikang'ambika, ali m'patapata. Ndinadziwa kuti nkhuku imeneyi ikangophedwa ine n'kudya, basi, sindidzanenanso zoona mpaka kumanda. Munthu sungadye mphatso ya mnzako kenaka n'kumuuza kuti unamunamiza.

"Amayi, musaiphe!"

Ndinakuwa mpaka mbuzi zinadzidzimuka m'khola. Amayi anatembenuka, mpeni uli m'manja.

"Watani iwe?"

"Musaiphe. Si yanga. Ine sindinakhoze mayeso. Ndinapeza 44."

Nkhuku yokha ndiyo inkalira pansi pa phazi la amayi.

Amayi anaimanganso nkhukuyo pang'onopang'ono, anaika mpeni padenga la nkhokwe.

"Ndiye ine ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse uja?"

Sanadikire yankho. Anatenga khasu n'kutsetsereka kudimba.

A Nachisale musaganize kuti anandikumbatira. Anatseka kope lawo, ndipo ulemu wonse uja unathera pomwepo.

"Iwe mwana iwe! Ukuti 44? Ndiye kuti ine ndi 48 yanga ndinkakuposa? Ndinasiya mabuku anga n'kutsata munthu amene ndinkamuposa?" Anaimirira. "Ukudziwa kuti mwana wanga wotsiriza anayamba sukulu ine kulibe? Ukudziwa kuti ndakhala miyezi yonseyi ndikudzitukwana ndekha kuti ndine mbuli? Unkasewera, eti? Pafoni pako paja unkaona ngati ukuyankhula ndi mphepo?"

Ndinalira, abale, kulira kwa mamina. Ndinathamangira kunkhokwe, ndinamasula nkhuku ija, ndinagwada n'kuwapatsa kuti abwerere nayo.

"Asa! Unaona kuti mphatso ikubwerera kumene yachokera? Ukufuna ndikalowe nayo m'mudzi anthu aziti andikana? Isunge. Uziidyetsa tsiku ndi tsiku ukudziwa kuti sunaigwirire ntchito. Koma usaiphe kufikira nditanena ine." Kenaka anafunsa kuti, "Netiweki mumaipeza pati kuno?"

Tinakwera chulu chija awiri. Anaima pambali panga ngati wapolisi.

"Lemba. Pali ena ngati ine mmenemo amene akukopera lamulo lachinayi lero lomwe."

Ndinalemba, iwo akuwerenga liwu lililonse. Ndinati ine Tiyamike sindinapeze 88, ndinapeza 44, ndinalephera, ndipo malamulo anga ndi omwe anandigwetsa, musawatsate. Anandiuza kuti ndiwonjezere chithunzi cha pepala la zotsatira. Ndinatsika kukalitenga pansi pa matiresi pomwe ndinalibisa, ndinakweranso, ndinajambula, ndinatumiza. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Wanga anandimeta mpala popanda madzi.

Masiku atatu otsatira anandisambitsa chokweza pagulupu paja. Mfiti, mbava, dokotala wa mbuzi, maina onse ndinalandira, ndipo ndinkayenera. Koma tsiku lachinayi kunayamba kubwera mauthenga apambali, a munthu mmodzimmodzi. "Asisi, inenso 85 ija inali 52." "Asisi, ine ndinakhoza, koma ndinawerenga miyezi isanu, osati masabata atatu, ndinkangofuna kuoneka wanzeru." Ndipo mmodzi mwa aja ndinkawasirira pachiyambi penipeni, wa 91, anandilembera kuti sanalembe n'komwe mayesowo chaka chimenecho. Ha! Tinali anthu ovulala okhaokha, aliyense atabisa bala lake, tikuphunzitsana kuthamanga.

Tsopano mverani zimene ndinachita, poti mwina wina pano ali pachulu chake.

Ndinayamba ndi amayi. Masiku awiri sanandiyankhule. Tsiku lachitatu anandiuza kuti, "Kutchalitchi ndinanena ndine, koma wokakonza ndiwe." Ndinapita tsiku la msonkhano wa azimayi a mpingo, ndinaima kutsogolo, ndinanena chiwerengero changa chenicheni. Ena anang'ung'udza, ena anaseka. Mayi wina wokalamba anangoti, "Ndiye ukalembenso, wafa kodi?" Ndinatuluka mmenemo wopepuka, ndipo usiku wake ndinagona tulo koyamba m'chaka chonse.

Kenaka ndinalembetsa kubwereza, kutatsala masiku ochepa kuti atseke. Ndinatuluka m'magulupu onse. Ndinapukuta fumbi pamabuku aakulu aja.

Ndiye a Nachisale anandiimbira. Mawu awo anali akadali ouma.

"Longedza zovala ubwere ku Dzoole. Wandionongera chaka, undithandiza kukonza masabata atsalawa."

Ndinakhala kwawo masabata asanu ndi atatu, ndikugona pamphasa ndi ana awo aakazi. Amuna awo sabata yoyamba yonse sanandiyankhe moni, ndipo sindikuwadandaula. M'mawa tinkapita pachipatala chaching'ono chapafupi, pomwe adokotala ena achikulire, amene ankawadziwa a Nachisale kuyambira masiku a chikolopa, anatilola kuthandiza pasikelo ya ana ndi kuonerera iwo akamaona odwala. Mwana akakwera pasikelo, adokotalawo ankatitembenukira. "Makilo 12. Mankhwala a kutentha thupi, mamiligalamu 15 pa kilo iliyonse. Ndi angati? Nanga a m'botolowa, tithira ochuluka bwanji?" Ukalakwa, sankakukalipira. Ankangokulozera mwanayo n'kunena kuti, "Muuze mayi akeyo kuti limabwera funso limodzi lokha." Anali atamva nkhani yanga yonse. Ndinkafuna pansi patang'ambika.

Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mabuku. Masamu aja tinawayamba ngati ana a sitandade 3, ndi njere za chimanga ndi zitsekerero za mabotolo, mpaka anasiya kutiopsa. Ndipo ndinazindikira chinthu chimene chinandichepetsa. Mayi amene ankandiitana aphunzitsi ankadziwa zambiri kundiposa. Ankamuona mwana ali kumsana pamzere n'kundinong'oneza kuti, "Uyo akupuma mothamanga, tamuona nthiti, apite kutsogolo." Zaka zonse zija akukolopa, maso awo ankaphunzira. Chimene chinkawasowa ndi kuyala zimene akudziwa papepala, ndipo pamenepo ndiye ine ndinawathandiza. Tinkafunsana mafunso mosanyengererana. Ukapanda kudziwa, unkanena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo pagulupu paja sindinawaonepo ngakhale kamodzi.

Ndiye inu amene mukulembanso, sindikupatsani malamulo, ndinasiya ntchito imeneyo. Ndingokupemphani. Munthu akalemba pafoni kuti anapeza 90 atawerenga masabata atatu, musamuchitire nsanje, ndipo musatseke buku lanu. Simukumuona nkhope, simukudziwa chulu chimene waimapo. Aliyense wokuuzani kuti mutu wakutiwakuti usiyeni subwera, dziwani kuti mwina ndi umene iyeyo amauopa. Ngakhale usabwere pamayeso, udzabwera pakhomo la chipatala, uli kumsana kwa mayi ake. Pezani munthu mmodzi wamoyo, woti mutha kumuyang'ana m'maso, amene akugwira ntchitoyi, mum'funse. Pezaninso mnzanu mmodzi woti mumuuze malikisi anu enieni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. 44 yako yeniyeni ukhoza kumangapo nyumba, koma 88 yabodza sungaikepo ngakhale njerwa imodzi.

Tinakalemba. M'chipinda chija anthu ena anandizindikira, wina mpaka ananong'ona mokweza kuti, "Si uyo Dokotala wa Kumapiri?" Ndinakweza dzanja n'kuvomera kuti ndine. Sindinafe.

Kenaka kudikira. Ndinabwerera kwathu. Nkhuku ija inali itazolowera pakhomo, inaikira, inafungatira, inaswa anapiye asanu ndi mmodzi, mpaka anakula n'kuyamba kudziyendera okha. Ndinkaiwazira gaga m'mawa uliwonse, iyo n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi. Khirisimasi inadutsa, amayi sanaikhudze. Ankangoti, "Imeneyo ili ndi mwini wake."

Tsiku la zotsatira ndinakwera chulu. Ndinatsegula. 54. Ndinakhoza, abale, ndipo 54 imeneyo ndimaikonda kuposa chovala chilichonse chimene ndili nacho. Koma sindinakuwe, sindinatsike. Ine ndikanalephera ndikanalembanso. Amene analibe ulendo wina anali ku Dzoole. Ndinaimba, foni yawo sinkapezeka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinakhala pachulupo dzuwa likundiwotcha, ndikupemphera pemphero limodzi lokha, kuti Ambuye, ngati pali wolephera pakati pa awirife, musalole akhale mayi uja chifukwa cha ine. Amayi anali pansi pa chulu, atangogwira chitenje pakamwa.

Dzuwa litapendeka, foni inalira. A Nachisale.

"Tiya."

"Wawa, amayi."

"Wapeza zingati? Zenizeni."

"54."

"Hmm. Wayesetsa." Kumbuyo kwawo ndinkamva ana akukuwa ndi mawu a bambo akuseka. "Ine 61. Ndakuposanso."

Ndinalira mokweza mpaka amayi anayamba kukwera chulu ndi mawondo, akuganiza kuti kwagwa zovuta. A Nachisale anandidikira mpaka nditatonthola.

"Nkhuku ija ilipo?"

"Ilipo, amayi. Yanenepa."

"Auze amayi ako anolenso mpeni uja. Ndikubwera Loweruka."